Mphoto Imodzi, Amayi Awiri

Anthu ankangomutchula kuti Zala Khumi, chifukwa akakhala pa kiyibodi panalibe chala chimene chinkapuma. Situdiyo yake inali kachipinda ka kuseri kwa nyumba, makoma atawamata ndi matileyi a mazira kuti phokoso la nkhuku za aneba lisalowe m'nyimbo. M'menemo anajambuliramo oimba nyimbo zauzimu ambiri, kuphatikizapo awiri amene sakanatha kuwakana: amayi ake omubereka ndi mkazi wake.

Amayi akewo anali mtsogoleri wa kwaya, mawu ngati bingu. Akati "Aleluya" maikolofoni inkachita kunjenjemera. Mkazi wake ankaimba mofewa, tinyimbo tovinika timene achinyamata ankasunga m'mafoni. Awiriwa ankamvana bwinobwino mpaka tsiku limene wailesi inalengeza opikisana pa mphoto za oimba nyimbo zauzimu. Pa gawo la woimba wamkazi wopambana, onse awiri analimo. Zala Khumi nayenso anatchulidwa pa gawo la ojambula nyimbo, koma pakhomopo palibe anazimva chifukwa cha nthungululu.

Kuvota kunali kwa pa foni, ndipo kuchokera tsikulo mtendere unamuthawa mwamunayo.

"Abambo, mwavotera ndani?" anafunsa mkazi wake akumusitira malaya.

"Voti ndi chinsinsi, mayi."

"Chinsinsi m'nyumba muno? Tabweretsani foniyo."

"Yatha moto," anatero, akuikankhira pansi pa khushoni.

Tsiku lotsatira amayi ake anatulukira ku situdiyo, nakhala pampando wa oimba osavula n'chipewa chomwe.

"Iwe, ndinakuphunzitsa kuimba usanamere mano. Sikuti ndikukukakamiza ayi. Ndangoti ndikukumbutse."

Zala Khumi anangoganiza zomavota mosinthanasinthana, mmawa amayi, masana mkazi, mpaka chala cha mkombaphala chinayamba kuwawa.

Mwambo unachitika Loweruka masana mu holo ya hotela ina. Pakhomo anayala kapeti wofiira, ojambula zithunzi akukankhana ngati pa depoti. Oimba anabwera atatchena, ena masuti onyezimira oti ukawayang'ana maso amatuluka misozi. Awiriwo anamukhazika Zala Khumi pakati, amayi kumanja, mkazi kumanzere, ndipo aliyense akafuna kuuza mnzake kanthu ankadzera mwa iye.

Itafika nthawi, woyendetsa mwambo anatsegula envulopu mwapang'onopang'ono. Mkazi wa Zala Khumi anamutsina mwamuna wake pantchafu, amayi ake anayamba kale kukonza chipewa. Dzina limene linatuluka linali la namwino wina, mtsikana amene nyimbo yake imodzi yokha inali itagwira m'maminibasi monse. Holo inaphulika. Apongozi ndi mpongozi wawo anawomba m'manja mwaulemu, zikhatho zikungokhudzana osamveka kanthu.

Zala Khumi anapumira pansi. Mumtima ankathokoza namwinoyo ngati wamuchiritsa malungo. Ali m'kati mopuma choncho, anangomva holo yonse ikukuwa dzina lake. Mphoto ya wojambula nyimbo wopambana inali yake.

Anakwera pa siteji. Zoti alankhule sanakonzekere n'komwe. Anagwira mphotoyo, chikho cha galasi, ndi manja awiri, n'kukhosomola.

"Choyamba ndithokoze Mulungu. Chachiwiri, ndithokoze amayi..."

Onse awiri anaimirira nthawi imodzi. Anayang'anana, koma palibe anakhala pansi. Anthu anafa nako kuseka.

"Achimwene, tithandizeni," anatero woyendetsa mwambo akupukuta misozi. "Amayi ake ati? Okuberekani kapena akunyumba?"

Zala Khumi anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, thukuta lili kamukamu.

"Amene aimirirawo," anayankha.

Anthu anakuwa kuti onse akwere. Atakwera, wina kumbuyo anafuula kuti aimbe. Zala Khumi anapempha kiyibodi ya bandi, n'kuyamba nyimbo yakale ya amayi ake koma pa kugunda kwa nyimbo za mkazi wake. Amayi anaponya mawu, mpongozi anawalandira mwamba, ndipo posakhalitsa ngakhale abusa a mzere wakutsogolo anali akugwedeza mapewa. Namwino uja anavina nawo, chikho chake chili m'khwapa.

Potuluka, awiriwo anali atagwirana mikono, akukambirana zoti mtsikanayo amaimba bwino ndithu koma amapumira pakati pa mawu. Zala Khumi ankawatsatira m'mbuyo. Atafika panja, amayi ake anatembenuka n'kumulanda chikho chija, nachilowetsa m'chikwama mwawo.

"Ndikachionetse ku kwaya. Ndipo Lolemba utikonzere situdiyo, tikujambula nyimbo imodzi ine ndi mwana wangayu."

"Zoona amayi," anavomera mkazi wake.

"Koma pachikuto dzina langa liyambe."

"Zimenezo tikambirana, amayi," anatero mpongoziyo akumwetulira.

Zala Khumi anamasula tayi, n'kuthamangira kumsewu kukaimitsa takisi.