Tebulo la Opanda Mapointi

Maloto awa andisokoneza. Ndinalota ndili pa mpikisano wa tchesi, mu holo ya koleji yomwe inandichotsa. Mabolodi ankanunkha choko, akavalo akupumira mpweya wotentha m'zala zanga. Nditagonja kachitatu ndinanyamula jekete, poti njira yotulukira ndimaidziwa bwino.

"Achimwene, mukupita kuti?" anafunsa mayi woyendetsa mpikisano. "Uno si wachipulula, ndi wa Swisi. Wopambana amakumana ndi wopambana, wogonja ndi wogonja mnzake. Satuluka munthu."

Ndinavula chipewa polemekeza nzeru zoterezi. Anandilozera tebulo lakumapeto. Pamenepo ndinapeza aphunzitsi a masamu amene anandilepheretsa mayeso, nawonso ali ndi ziro, thukuta lili kamukamu.

"Khalani, anzathu," anatero.

Tanthauzo lake sindikulidziwa. Koma chichokereni kukoleji, aka n'koyamba kuuzidwa kuti ndikhale.