Chikuto cha Nsalu ya Nkhanga

Poto amene timaphikira guluu savuta kutsuka akanyikidwa m'madzi, koma ine ndimamutsuka pang'onopang'ono. M'mawa umenewo ndinakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpopi, ndikupala phala louma la chinangwa ndi supuni, kenako ndi mchenga, kenako ndi supuni yomweyo. Kumpopi kulibe amene amandifunsa mafunso. Munthu akagwira poto, anthu amamusiya.

Ndimakhala ku Chipata ndi amayi aakulu, a Dolika, kuyambira pamene mayi anga anamwalira ku Chipangali. Nditamaliza Giredi 12 ndinayamba kusoka makope. Ndimatolera makope akale a ana a sukulu, kuchotsamo masamba osalembedwa, n'kuwasoka pamodzi ndi ulusi wa nsapato. Ena ndimajambulamo mizere ya masiku, Lolemba mpaka Lamlungu, ndipo alimi amalembamo za kudzala ndi kuthira feteleza. Koma chimene anthu amagula kwenikweni ndi chikuto.

Chikuto ndimapanga ndi makatoni a sopo. Ndimadula zidutswa ziwiri n'kuzimata mopingasa, mizere ya china ikupita uku, ya chinzake uko, kuti chisapindike mvula ikayamba. Pamsana ndimamata kachidutswa ka jinzi yakutha, chifukwa kope limayamba kufa pamsana. Pamwamba pake ndimakuta ndi zidutswa za zitenje zimene matelala amataya. Guluu wake ndi ufa wa chinangwa wophika mosalimba. Mphemvu zimamukonda kwambiri, motero makope omalizidwa amagona m'ndowa yotseka.

Kuti chikuto chiume chowongoka pamafunika chinthu cholemera. Ife tili ndi abambo aakulu, a Paison, amene anapuma pa ntchito yoyendetsa malole. Timayala zikuto pansi pa thabwa, iwo n'kukhala pathabwapo ndi wailesi yawo mpaka masana. Amati pa ntchito zonse zimene anagwirapo, iyi yokha ndi imene palibe anawadandaulapo.

Wogulitsa ndi amayi aakulu. Ine ndinayesapo kupita ndekha kumsika wa Kapata, ndinabwerako ndi makope onse komanso ludzu.

Ndili pakati pa poto uja, amayi aakulu anatulukira kuseri ali ndi chikwama chawo paphewa.

"Iwe Tiyanjane, tasiya potoyo. Mwayi walowa m'nyumba muno."

Ndinasiya supuni. Poto ndinagwirabe.

"Mayi Zaitun, aja a shopu ya ziwiya ku Down Shops, mwana wawo Shifa akukwatiwa. Akufuna makope ang'onoang'ono makumi awiri oti agawire amayi amene adzaphike pa ukwati. Ndinawakhuthulira onse pa kauntala, anasankha ili."

Anatulutsa kope m'chikwamamo. Ndinalidziwa chifukwa linali langa. Limakhala pawindo, ndipo ayenera kuti analikokolola pamodzi ndi ogulitsa. Chikuto chake n'cha nsalu yabuluu yokhala ndi nkhanga zing'onozing'ono zoyera, zonse zoyang'ana mbali imodzi.

Nsaluyo inachokera pa chitenje cha mayi anga. Tsiku logawa zovala, maliro atatha, achibale anakhala pamphasa, zovala zochapidwa kale zili mulu pakati, ndipo malume ankanyamula chimodzichimodzi n'kutchula dzina. Ine ndinalandira chitenje cha nkhanga ndi nsapato zosandikwana. Kumapeto kwa chitenjecho kunali kopsa ndi mbaula. Ndinadulako kopsako, ndipo mbali yabwino ya kachidutswako ndinakutira kope langa. Chitenje chotsalacho chinali m'sutikesi, pansi pa satifiketi.

"Akufuna nsalu yomweyi," anatero amayi aakulu. "Osati yofanana nayo. Yomweyi. Ndawauza kuti tili nayo yokwanira."

"Ndi ya mayi," ndinatero. Ndinalankhulira m'poto, mawu anamveka ngati a munthu wina.

"Ndikudziwa. Ndinalipo pamene ankagula, ndinamuuza kuti nkhanga sizimukhala. Nanga m'sutikesi ikugwira ntchito yanji? Ikudikira njenjete. Yanga imene ndinalandira ndinavindikira TV, ndipo palibe wadwala."

Zimenezo zinali zoona. TV yathu imavala chitenje chachikasu cha mayi anga, ndipo imaoneka bwino.

"Abwera Loweruka kudzaona nsalu tisanadule," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Ndinamaliza poto. Ndinatsukanso chivindikiro, chimene chinali choyera kale.

Ndinaganiza kuti ndikapeza nsalu yomweyo m'tauni, nkhani idzatha popanda ine kutsegula pakamwa. Tsiku lotsatira ndinatenga kope lija n'kuyenda m'mashopu a nsalu. Sindinkafunsa ndi mawu ambiri. Ndinkangoika kope pa kauntala n'kuloza. Anandionetsa nsalu za nkhuku, za nsomba, za mawotchi, ndi ina ya maambulera otseguka. Mtsikana wina anandiuza kuti nkhuku ndi nkhanga n'chimodzimodzi ukaimira patali.

Pomaliza ndinapita kwa a Bizwell, telala amene amandisungira zidutswa. Anavala magalasi, anayandikitsa kope kumaso, anakanda nsaluyo ndi chikhadabo.

"Iyi inatha kale, mwanawe. Inkabwera ndi amayi odutsa pa malire a Mwami, nthawi imene ndinali ndi tsitsi." Anadzisisita pamutu. "Ndasokapo madiresi ambiri a nsalu imeneyi. Eni ake ena ali ndi zidzukulu. Waitenga kuti?"

"Kunyumba."

"Isunge. Utoto wake sutuluka, za lero ukangochapa kamodzi madzi ndiwo amavala."

Anandipatsa jumbo ya zidutswa monga mwa masiku onse. Munali za maambulera zambiri.

Lachisanu madzulo magetsi anali atapita. Amayi aakulu anaika makala m'simbi, anatsegula okha sutikesi yanga, n'kuyala chitenje patebulo. Ine ndinali pansi ndikudula makatoni ndi leza. Abambo aakulu anali pa ntchito, pathabwa.

Anasita mbali imodzi. Atafika pamene ndinadula paja anaimika simbi, n'kuyendetsa chala m'mphepete mwake.

"Sheila sankadziwa kuphika osadziwotcha," anatero. Sheila ndi dzina la mayi anga. Anayang'ana pamenepo kwa kanthawi, kenako anatembenuza chitenje n'kupitiriza kusita mwamphamvu.

"Tamvera, Tiyanjane. Mawa usatchule za malemu. Chinthu cha womwalira sichipita pa ukwati, aliyense amadziwa zimenezo, Msilamu kaya Mkhristu. Akangomva, basi, apita kukagula makope a m'shopu. Ndidzanena kuti ndinagula kwa mayi wina wa ku Mwami. Iwe ntchito yako ndi kudula."

"Ndiye nsaluyi idzabadwa mwatsopano mawa," anatero abambo aakulu.

"Inu a Paison, mwauzidwa kuti mukhale, osati mulalikire."

"Ndakhala."

"Mayi Zaitun amadziwana ndi tauni yonse. Akasangalala ndi makope awa, mwanayu sadzasowa ntchito. Kodi ndikulakwa? Mng'ono wanga akanakana kuti nsalu yake ithandize mwana wake?"

Mwina ankanena zoona. Mayi anga ankatha kupereka ndiwo zonse kwa mlendo ife n'kudyera mchere. Mwina akanatenga sizasi okha.

Amayi aakulu atapita kukataya makala, abambo aakulu anatsitsa wailesi.

"Mwana wanga, nkhaniyi ndi yophweka. Mayiyo akangolowa, iwe ungoti, nsaluyi mwini wake tinaika m'manda. Usawonjezere kanthu. Athawa okha, nsapato akavalira kumsewu."

Ndinagwedeza mutu. Anakwezanso wailesi.

Ndinapitiriza kudula makatoni. Njira ya abambo aakulu inali yabwino, ndipo ikanagwira. Koma inkatanthauza kuti ndiimirire pamaso pa mlendo n'kunena kuti mayi anga ndi tsoka, chinthu choopsezera anthu. Chitenje chimenechi ankamangiramo mtedza popita nane kusukulu yogonera komweko. Anachivala tsiku limene anabwera kudzaona zotsatira zanga za Giredi 9, anafunsa aphunzitsi kawiri ngati sanasokoneze dzina. Sindinaone tsoka lililonse mmenemo. Ndinadula katoni imodzi mokhota, n'kuyiponya pa mulu wa zoyatsira mbaula.

Loweruka Mayi Zaitun anabwera pa takisi ya njinga yamoto, atakhala chammbali. Ndi mayi wamfupi, wa mpango wofiirira, wolankhula motsitsa. Anavula nsapato pakhomo ngakhale amayi aakulu anawaletsa. Anapatsa moni abambo aakulu, amene anapepesa kuti sangaimirire.

"Mwadwala, bambo?"

"Ayi, mayi. Ndili pa ntchito."

Mayi Zaitun anayang'ana thabwa, anayang'ana ngodya za zikuto zotulukira pansi pake, ndipo anavomereza ndi mutu ngati zimenezi amaziona tsiku lililonse.

"Uyu ndiye mwini manja," anatero amayi aakulu akundiloza. "Salankhula, koma amamva."

"Muli bwanji, anti," ndinatero.

"Ndili bwino, mwanangu. Kope lako, tsiku lija ku shopu, ndinalipinda, ndinaligwetsa pansi, mwamuna wanga analikhalira mwangozi. Silinasinthe. Ukuika chiyani m'katimo, chitsulo?"

"Katoni ya sopo."

"Sopo." Anaseka pang'ono. "Ife timangowotcha."

Amayi aakulu anayala chitenje patebulo, mbali yodulidwa ili kukhoma. Nkhanga zonse zinayang'ana kukhitchini. Mayi Zaitun anaika dzanja pansaluyo n'kuisisita.

"Ndi iyi. Amayi anga anali ndi yotere, koma yobiriwira, kwathu ku Mangochi. Nditaiona pa kope paja ndinangoti basi. Mwaipeza kuti?"

"Ku Mwami," anatero amayi aakulu. "Kwa mayi wina. Anali nayo imodzi yokha."

"Ndi yofewa. Ngati yovalidwa."

"Timachapa kaye kuti imwe guluu."

Ndinali ndisanamvepo zimenezo, koma zinamveka ngati zoona, mwina ndidzayesa.

"Chabwino. Shifa sakonda zinthu zakale, koma wophika pa ukwatiwu si iye. Itulutsa angati?"

"Tiyanjane, waonetse."

Ndinatenga katoni yoyezera ndi choko. Ndinaiyika pa ngodya ya chitenje, ndinasiya malo opindira m'mbali, n'kujambula mzere. Ndinasuntha katoni, ndinajambulanso. Ntchito imeneyi manja anga amaidziwa okha. Mzere uliwonse unkadutsa pakati pa nkhanga, zina pakhosi, zina pamiyendo. Ndinaona kuti makumi awiri atuluka, ndipo patsala kachingwe kokwana kumangira jumbo.

"Akwana," anatero amayi aakulu. "Sindinanene? Dula limodzi aone mmene umapindira m'ngodya."

Anandipatsa sizasi. Abambo aakulu anatsokomola pathabwa, chifuwa chimene analibe m'mawa.

Ndinalowetsa zala m'sizasi. Ndinanyamula mphepete mwa nsalu. Inali yofunda pang'ono ndi dzuwa la pawindo. Ndinaimirira choncho kwa nthawi imene kwa ine inali yaifupi, koma amayi aakulu anati, "Iwe, sizasi sidula yokha."

Ndinaika sizasi patebulo.

"Anti, nsaluyi siinachokere kwa mayi wa ku Mwami. Ndi ya mayi anga. Anamwalira."

Mayi Zaitun anachotsa dzanja pansaluyo. Sanachite mofulumira, koma anachotsa.

"Inachapidwa," anatero amayi aakulu msangamsanga. "Mwambo wonse unachitika, tinagawa bwinobwino pamaso pa anthu. Ilibe kanthu. Mwanayu ndi wamanyazi chabe, akatero amalankhula zosokonekera."

Onse anandiyang'ana. Wailesi inali itazimitsidwa, sindikudziwa nthawi yanji. Mawu anatuluka, ndipo ulendo uno sindinayang'ane pansi.

"Amayi aakulu akunena zoona, anti. Ilibe kanthu. Ilibe tsoka, ndipo ikanapita pa ukwati wa Shifa sikanaononga chilichonse. Musaiope. Makope ndikupangirani olimba, a nsalu iliyonse imene mungasankhe, ndili ndi ya maambulera yambiri. Koma iyi anandipatsa ine. Sindikufuna kuti ikhale m'zikwama za anthu makumi awiri amene sanawadziwe mayi anga. Ndikufuna ikhale yathunthu, m'sutikesi mwanga, ngakhale isagwire ntchito iliyonse. Sindidula."