Injini ya Bambo Pabenchi la a Chrispin

Bambo anga, a Venansio, ankawolotsa anthu pa Shire ku Nsanje ndi boti la injini yakale. Atamwalira ndinasiya koleji ndili m'chaka chachiwiri, ndipo katundu wawo anagawidwa ine ndisanafunsidwe kanthu. Injini anaitenga ang'ono awo, a Laurenti, n'kubwera nayo kuno ku Bangwe kuti aigulitse. Ndinawapempha kuti andisiyire. Anati mwana wolephera sukulu sangasunge chitsulo.

Wogula anapezeka, bambo wina wa ku Chikwawa, koma anati wamva kuti injiniyo ndi yaulesi, iye akufuna yothamanga. A Laurenti anaikweza pa wilibala kupita nayo kwa a Chrispin, makaniko wa maminibasi kuseri kwa msika. Ndinawatsatira osaitanidwa.

A Chrispin anasintha mapulaga, anatsuka kabuleta. Apo sindinatsutse. Atatenga tupa n'kuyamba kupala mapiko a pulopela, ndinawauza kuti bambo ankapeza liwiro popala ndere kunsi kwa boti ndi kuika matumba a chimanga pakati, osati kudya chitsulo.

"Ainjiniya afika," anatero a Chrispin osadzutsa mutu. "Pepala lanu lili kuti, aphwanga?"

Lachisanu wogula anabwera kudzaimva. A Chrispin anaimangirira pabenchi, mwendo wake wa pulopela uli lende m'malere. Ndinanena kuti pafunika diramu lodzaza madzi kuti mwendowo umire, chifukwa injini ya boti imadziziziritsa ndi madzi amene imapopa yokha. Mipope inali itauma masiku atatu. A Chrispin anati iwo amayatsa injini za maminibasi radiyeta ili youma, sangatume akazi awo kuchitsime chifukwa cha kachidole aka.

"Bambo aang'ono, ipsa," ndinatero.

"Iwe, bambo ako anafa osauka chifukwa cha mantha omwewa," anayankha a Laurenti. "Khala chete kapena choka."

Sindinachoke. Kumbuyo kwa injiniyo kuli kabowo kotulutsa madzi. Ndili mwana, ntchito yanga paboti inali kuyang'ana kabowoko. Bambo ankati, ikapanda kukodza, zimitsa, ngakhale uli pakati pa ng'ona.

A Chrispin anakoka chingwe kachitatu, injini inalira. Ndinamva mawu omwe aja a pa Shire. Anawonjezera moto mpaka malata a garaja ananjenjemera. Wogula anamwetulira. Kabowo kaja kanali kouma gwa. Batani lozimitsira linali pafupi ndi dzanja langa, ndipo ndinadziwa kuti ndikalidina, madzulo omwewo injini ikwera basi ya ku Chikwawa. Ndinapisa manja m'matumba.

Poyamba panamveka fungo la labala wopserera. Kenako injini inatsokomola, inaima. A Chrispin anakoka chingwe ndi manja awiri, sichinasunthe. Anati mafuta ndi oipa, anati inali yakufa kale, anati a Laurenti anawabweretsera chinthu chowola. Wogula anapukuta nsapato zake n'kupita osatsanzika. A Chrispin ndi a Laurenti anatukwanizana mpaka amayi ogulitsa tomato anabwera kudzaonerera.

Potsiriza a Laurenti anaimenya theche.

"Unkaifuna, si choncho? Tenga. Ukaiike pamanda a bambo ako."

Ndinadikira kuti izizire, ndinaikweza pa wilibala ndekha. Ili kuchipinda kwanga, yotsamira khoma, ndaifunditsa jekete la bambo. Ndinaitsegula dzulo. Pisitoni imodzi yakakamira, ndipo kalabala kopopa madzi kasanduka makala. Mabawuti onse a m'kati anali omangidwa mwa dzanja la bambo, olimba kuposa muyezo, ndipo ndinachedwa nawo dala.