Foni ya Amayi Dieynaba

Mkazi wa bambo wina wogulitsa nyama anagwira dzanja la Rokhaya ndi manja onse awiri, n'kupepesa monga anapepesera ena onse, koma dzanjalo sanalisiye. Anawerama ngati akukonza mpango wake.

"Mwana wanga, foni ya amayi ako ili ndi ndani?"

"Ili m'chipinda mwawo, mayi."

"Palibe waitsegula?"

"Palibe."

Mayiyo anapumira m'mwamba, n'kupita kukakhala pamphasa pansi pa tenti, pamene amayi anzake ankagawana phala la mchewere ndi chambiko. Rokhaya anatsala akumuyang'ana kumsana. M'mawa womwewo funso lomweli anali atafunsidwa ndi mtsikana wina wa sukulu amene sankamudziwa n'komwe, komanso ndi mayi wina wa ndolo zagolide amene anabwera pa galimoto yakeyake kuchokera ku Diakhao. Onse ankafunsa monong'ona, maso ali pansi.

Amayi ake, a Dieynaba Sarr, anamwalira Lachinayi pamwambo wopatsa mwana dzina kunyumba yoyandikana nayo. Sanadwale. Anali atangoseka nthabwala ya mnzawo, n'kupempha madzi. Amene anapita kukatenga madziwo pobwera anapeza mutu wawo utatsamira paphewa la mnzawoyo, yemwe ankapitiriza kulankhula osadziwa kanthu. Rokhaya foni inamupeza m'kalasi ku Saint-Louis, mzinda wakutali kumene ankaphunzitsa, choko chili m'manja. Pamene galimoto inkalowa mumzinda wa kwawo wa Thiès, amuna anali akubwerera kale kuchokera kumanda. Nkhope ya amayi ake sanaione. Mpaka tsiku la sadaka yoyambali ankangodzidzimuka akamva munthu akukhwekhwereza masilipasi pabwalo.

M'dera lawo lonse la Randoulène amayiwo ankatchedwa Azakhali, ngakhale ndi anthu amene analibe nawo chibale. Mtsikana woyembekezera woopa kupita kuchipatala ankaperekezedwa ndi iwo. Mkazi wokangana ndi mkazi mnzake wa pamitala ankabwera kwa iwo. Rokhaya anakula akuona azimayi akulowera khomo lakuseri, iye n'kutumidwa kukagula shuga amene m'nyumbamo analimo kale. Koma sanaganizepo kuti masiku ano khomo lakuserilo linasamukira m'foni.

Anakapeza mlamu wake Penda kuseri kwa khitchini akutsuka mabeseni. Penda anali mkazi wa Ousseynou, mchimwene wake wa Rokhaya, ndipo banjalo linkakhala m'zipinda za tsidya lina la bwalo lomwelo.

"Alamu, anthuwa foni ya amayi akuifuniranji?"

Manja a Penda anaima m'thovu.

"Muli mawu awo," anatero. "Amayi sankadziwa kuwerenga, ndiye aliyense ankawatumizira uthenga wa mawu, iwo n'kuyankha chimodzimodzi. Tonse anatiphunzitsa kuti ukamva, fufuta. Iwo ankafufuta Lachisanu lililonse amuna akapita kumzikiti. Lachisanu lino silinawapeze."

"Ndiye kuti mawu a amayi ali mmenemo."

"Alimo. Fufutani, alamu. Lero lomwe."

Rokhaya anakhala pa kampando. Amayi ake sanamutumizirepo uthenga wa mawu ngakhale umodzi. Ankati mwana wako sumusiyira mawu ngati mlendo, umamuimbira. Ankaimbadi, nthawi zambiri iye ali pakati pa phunziro, kumufunsa ngati wadya. Tsopano mawuwo analibe pena paliponse pokawamvera kupatula m'kafoni kong'aluka galasi kamene kanali pansi pa pilo.

"Si lero," anatero. "Sindingathe."

Penda sanaumirize. Anatenga beseni lina n'kuyamba kulikwecha, ngakhale linali lotsuka kale.

Madzulo ake, alendo atayamba kuchepa, Ousseynou analowa m'chipinda cha amayi awo atavula chisoti. Rokhaya anali atakhala pabedi akupinda nsalu za malemuwo. Ousseynou anali munthu wamtali, wowotcherera zitsulo, wodziwika m'deralo kuti zipata za mzikiti anazipanga ulere. Ndiye amene anatsikira m'manda kukalandira thupi la amayi ake, ndipo kuchokera tsikulo mawu ake anali osasa.

"Amalume ayamba," anatero. "Akuti munda wa ku Fandène amayi anawapatsa iwo masiku apitawa. Akuti anagwirizana pa foni."

"Sadaka sinathe n'komwe."

"Ndawauza zomwezo. Foni ili kuti? Timve ngati analankhuladi zimenezo."

"Achimwene, mmenemo muli nkhani za anthu."

"Sindikufuna nkhani za anthu ine. Ndikufuna za amalume basi." Anatsitsa mawu. "Komanso ndikufuna ndiwamve, Rokhaya. Tsiku lija ndinatuluka m'nyumba muno ali kuswali, pakati pa pemphero, sindinawalonjere n'komwe."

Zimenezi Rokhaya sakanazikana, poti nayenso ndi zomwe ankafuna. Anapisa dzanja pansi pa pilo n'kumupatsa.

Foniyo inalibe loko. Ousseynou anatsegula pa mauthenga, ndipo zithunzi zing'onozing'ono za nkhope zinandandalikana, za azimayi pafupifupi zonse. Amayi awo ankazindikira munthu ndi chithunzi, osati dzina. Chala chake chinayamba kutsika kufunafuna nkhope ya amalume, kenako chinabwerera m'mwamba.

"Uyu si Penda uyu?" Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa. "Anthu okhala bwalo limodzi ankatumizirana chiyani? Mtengo wa anyezi?"

"Siyani, achimwene."

Anali atadina kale.

Mawu a Penda anatuluka monong'ona, mpweya ukugunda pa foni. "Amayi, musadzuke. Wagona tsopano. Ndi khutu lomwe lija, likutuluka magazi pang'ono. Ana sanaone. Musabwere, ayambiranso."

Rokhaya anamva nsalu imene anali nayo m'manja ikutsetsereka n'kugwa pansi. Anayang'ana mchimwene wake. Zala za Ousseynou, zokhakhala ndi zipsera za moto, zinkafufuza podina kuti azimitse, koma foniyo inangopitiriza yokha ndi uthenga wotsatira. M'chipindamo munadzaza mawu a amayi awo, okhuthala, osafulumira, ngati ali pabedi pomwepo.

"Penda, mwana wanga, ndamva. Ndabwera ndapeza pakhomo pokiya, ndabwerera. Mawa tipite limodzi kuchipatala, ndipo tikanene zoona, zonama za chitseko cha kabati zija sitikanenanso. Ousseynou ndinamubala ndine. Ndalankhula naye mpaka kukamwa kwauma. Amalira, amalumbira, kenako amabwereza. Ndinkakuuza kuti upirire, lero ndikuti ayi. Ukafuna kupita kwa amayi ako ku Kaolack ndikuperekeza ndekha, masanasana, anthu akuona, ana ndi katundu yemwe. Wofunsa adzafunse ine. Tsopano samba kumaso, ugone chammbali, khutulo likhale m'mwamba."

Foniyo inalira kamodzi n'kukhala chete. Kunja mwana wina ankathamangitsa nkhosa imene inalowa mu tenti, anthu akumukalipira.

Pakhomo panali Penda, atanyamula thireyi ya timakapu ta tiyi. Palibe anamuona pamene ankafika. Timakaputo tinkagundana pang'onopang'ono.

Ousseynou anaika foniyo pabedi ngati yamuwotcha.

"Unakandineneza kwa mayi anga ondibala?"

"Ndikanauza ndani?" anatero Penda.

"Za m'banja izi. Za m'chipinda."

Rokhaya anamuyang'anitsitsa Ousseynou. Uyu anali munthu amene ankamubereka kumsana popita kusukulu mvula ikadzaza msewu. Anakumbukira kuti Penda ankatembenuza mutu kuti amvere ndi khutu lamanzere, ndiponso kuti iye anamusekapo pa chikondwerero chapitachi, kumunena kuti wakalamba msanga. Penda naye anaseka nawo tsiku limenelo.

"Kuyambira liti, alamu?" anafunsa Rokhaya.

"Woyamba uja ali m'mimba."

Mwana woyambayo anali kale kusukulu.

Ousseynou anakhala pansi, msana utatsamira kabati, n'kugwira mutu. "Ndiye amwalira akundiganizira zimenezi. Apita nazo kumanda."

"Mwamva chiyani m'mawu onsewa, achimwene?" Mawu a Rokhaya anatuluka aang'ono, osakhala ngati ake. "Muli khutu lotuluka magazi mmenemo. Inu mwangomva za inu."

Ousseynou anatambasula dzanja osakweza mutu.

"Bweretsa. Za amalume zija sitinamve."

Rokhaya anatenga foniyo, n'kuizimitsa, n'kuilowetsa m'kati mwa bulauzi.

"Za munda mukakambirane pamaso pa imamu. Umu simulowanso munthu."

Ousseynou anamuyang'ana ngati akumuona koyamba. Kenako anadzuka, n'kutola chisoti chake. Pakhomo Penda sanasunthe, moti mwamunayo anachita kupendekeka kuti adutse. Timakapu tija tinali titasiya kugundana.

Masiku otsatirawo Rokhaya ankayenda nayo foniyo pachifuwa, kugona nayo, kusamba ataiika pawindo pamene ankaiona. Azimayi ankabwerabe kudzapepesa, ndipo wofunsa aliyense ankamuyankha chimodzimodzi: "Ili ndi ine, ndi yozimitsa." Ena ankalira atamva zimenezo kuposa mmene analirira polowa. Kangapo konse anaitulutsa ali yekha, chala n'kufika pa batani. Ankadziwa kuti pansi pa nkhope iliyonse pali amayi ake akulankhula, mwina akuseka, mwina akutchula mwangozi dzina la iye mwini. Koma kuti awamve anayenera kudutsa m'nkhani ya munthu wina, ndipo imodzi imene anadutsamo ija inali itamukwana.

Penda ndi ana anasamukira m'chipinda cha malemu. Ousseynou anatuma amalume omwe aja kuti akamupepesere. Iwo analankhula nthawi yaitali za kupirira ndi za manyazi a nyumba ya maliro. Penda anamvetsera atagwada, n'kuwathokoza, n'kunena kuti apita kwawo sadaka yachiwiri ikatha. Amalumewo anatembenukira kwa Rokhaya.

"Iwe sulankhula? Banja la mlongo wako likutha."

"Ndimuperekeza ndine, amalume. Amayi ndi amene anayenera kupita naye."

Lachisanu litafika, sadaka yachiwiri itatha, tenti inali itachotsedwa ndipo pabwalo panatsala mabowo a zikhomo zake. Zikwama za Penda zinali pakhonde. Ousseynou anavala mkanjo woyera, n'kupsompsona ana pamutu, n'kupita kumzikiti nthawi isanakwane.

Rokhaya anatseka chitseko cha chipinda, Penda ali momwemo, n'kukhala pabedi, n'kuyatsa foniyo. Inanjenjemera nthawi yaitali ndi mauthenga a anthu amene anatumiza asanamve za imfayo. Sanatsegule ngakhale umodzi. Anadina nkhope yoyamba n'kugwiriza mpaka kachizindikiro ka bini katuluka.

"Dikirani," anatero Penda. "Sankafufuta choncho."

"Ankatani?"

Penda anakhala pambali pake. Anaika foniyo pamiyendo pa Rokhaya, n'kutambasula manja ake, zikhatho zikuyang'ana kumwamba.

"Ankayamba atchula dzina la munthuyo, ndi la mayi ake ngati akulidziwa. Kenako amupempherera, ndiye n'kufufuta. Mmodzimmodzi. N'chifukwa chake Lachisanu mpunga unkachedwa."

Rokhaya anayang'ana nkhope ija. Sankaidziwa.

"Ameneyo ndi Seynabou, mwana wa Coumba wa kunjanji," anatero Penda.

Anatchula dzinalo onse awiri, n'kupempha Mulungu kuti amupepukitsire chimene chinamulemera, chilichonse chimene chinali. Anasisita zikhatho kumaso. Rokhaya anadina, nkhopeyo n'kuchoka.

Anapitiriza chomwecho. Mkazi wa wogulitsa nyama. Mtsikana wa sukulu uja. Mayi wa ku Diakhao. Mwamuna mmodzi wa imvi amene Rokhaya anamudziwa bwino, moti Rokhayayo anatseka pakamwa ndi dzanja asanatchule dzina lake. Amene analibe chithunzi, kapena amene Penda sanawazindikire, ankangowatcha mwana wa munthu. Za amalume anazisiya kuti imamu akazimve yekha. Mawu a khutuba, ulaliki wa Lachisanu, ankamveka kuchokera pa zokuzira mawu za mzikiti, kenako anatha, amuna n'kuyamba kudutsa mumsewu akulonjerana, iwo asanamalize.

Pomalizira panatsala nkhope ya Penda, chithunzi cha tsiku la ukwati wake, atavala zobiriwira.

"Tiwamvenso kamodzi?" anafunsa Rokhaya.

Penda anapukusa mutu. "Ndinawamva. Inunso munawamva."

Rokhaya anatambasula manja. "Penda Diouf, mwana wa Aby."

Anapemphera, n'kusisita kumaso, n'kutsitsa chala. Penda anamugwira pamkono.

"Pa ine ankatchula maina awiri."

Rokhaya anamuyang'ana. Penda sanalitchule dzinalo, ndipo manja ake anawasiya pamiyendo. Anangodikira.

Rokhaya anatambasulanso zikhatho, yekha.

"Ousseynou," anatero, "mwana wa Dieynaba."