Lubani wa Fusae

A Okiura anali atangoyatsa lubani pakaguwa ka m'nyumba pamene chifuwa chinayambanso kuseri kwa chitseko. Anali Chizuru, mwana wawo, amene anabwerera pakhomo m'nyengo yachisanu ukwati wake utatha. Anakhosomola mpaka kugwira khoma, kenako kunamveka kampope kake ka mankhwala a mphumu.

Iwo sanacheuke. Anaimba kabelu, nawerama pamaso pa chithunzi cha malemu mkazi wawo, Fusae.

Miyezi ina lubaniyo sankavuta. Ankatsegula zenera loyang'ana kunyanja, mphepo n'kutenga utsi. Koma tsopano chisanu chinali chitatha, ndipo mphepo ya kumadzulo inali itabweretsa fumbi lachikasu lochokera kuzipululu za kutsidya la nyanja. Mapiri a kuseri kwa tauni ankalitsekereza, fumbi n'kungokhala padoko ngati madzi m'beseni. Akukhonsolo anali atalengeza kale pa zokuzira mawu kuti anthu atseke mazenera, asayanike zovala panja.

"Bambo," anatero Chizuru atapezako mpweya, "panja fumbi, m'nyumba utsi. Ine ndikapumire kuti? M'firiji?"

"Kamtengo kamodzi kokha."

"Kamodzi m'mawa, kamodzi madzulo, nyumba yonse ili chitsekere."

"Amayi ako amadya fungo. Akufa sadya china."

Chizuru anawayang'ana kumsana. Chibwerereni, anali asanagwadepo pakaguwapo. Ankangoima patali, dzanja lili pamphuno.

"Azakhali ati kwawo kuseri kwa mapiri chipinda chilipo," anatero motsitsa mawu. "Loweruka ndinyamuka. Sikuti ndikukuopsezani ayi. Ndatopa n'kugona chokhala."

A Okiura anavala chotchinga pamphuno n'kutuluka.

Kudoko dzuwa linali ngati mbale yakuda. Chilumba chimene chimaoneka tsiku lililonse chinali chitasowa. A Gonda, msodzi amene anakula nawo limodzi, ankatsuka boti lawo, madzi achikasu akuyenderera.

"Wabwera Mwala!" anafuula a Gonda. "Lero utiyankhula, kapena mawu ako a mwezi uno anatha?"

A Okiura anangokhala pachingwe chokulunga.

"Mwana wako ndimamumva ndili kwanga," anapitiriza a Gonda, "khoma lathu lija n'lopyapyala. Akukhosomola ndendende ngati mayi ake. Dzana ndinadzidzimuka, ndimati Fusae wabwera."

"Ndi fumbili."

"Fumbi limanunkhira lubani? Fungo limafika mpaka kukhitchini kwanga, nsomba zanga zonse zapembedza."

"Akufuna kupita," anatero a Okiura.

A Gonda anasiya kutsuka. "Ndiye iwe wati chiyani?"

"Palibe."

"Eetu, Mwala." Anapukuta manja pathalauza. "Ukukumbuka pamaliro a bambo anga? Fusae anakhala kuti?"

"Pakhomo."

"Pakhomo penipeni potulukira, kutali ndi lubani, kansalu kali pamphuno, wansembe akumuyang'ana ndi diso. Nanga kale lija, fakitale ya simenti ikafuka mphepo kulibe, si ankakwera phiri kukapumira pamwamba pa utsi? Mkazi ameneyo anathawa utsi moyo wake wonse. Lero poti sangathawe, iwe ukumufukiza ngati nsomba."

A Okiura anaimirira osatsanzika. A Gonda anawaitana, koma iwo anapitirira.

Sanalunjike kunyumba. Anakwera kanjira kopita kukachisi, kamene Fusae ankakwera, kupuma pamalo pomwe iye ankapumira. Ali pamwamba anayang'ana pansi. Tauni yonse inali itamira m'fumbi, madenga akungooneka mwa apo ndi apo. Denga lawo sanalione.

Atafika madzulo anapeza sutikesi yotsegula m'chipinda cha Chizuru, zovala zili pamphasa. Anagwada pakaguwa monga mwa masiku onse. Anatulutsa kamtengo ka lubani, natenga machesi. Kuseri kwa chitseko mpweya wa mwana wawo unkalira ngati kakhweru.

Machesiwo sanawayatse. Fungo la lubani linalowa m'nyumbamo tsiku la maliro a Fusae, ndipo kuyambira pamenepo silinachokemo. Akalimva m'malaya mwawo ali kumsika, ankakhala ngati sakuyenda okha.

Anabwezera kamtengoko m'bokosi. Bokosilo analikulunga munsalu, nakaliika pamwamba pa kabati.

Kukhitchini anawiritsa madzi n'kuthira pamasamba a tiyi wokazinga, amene Fusae ankamukonda. Anatsanulira m'kapu ya Fusae yobenthuka kukamwa, naiika pamaso pa chithunzi. Nthunzi inakwera pang'ono, yopyapyala. Anaimba kabelu.

Chitseko chinatseguka. Chizuru anayang'ana kapu, kenako pamwamba pa kabati.

"Akhuta ndi zimenezi?" anafunsa.

"Sankadya zambiri."

Chizuru anayandikira mwapang'onopang'ono, ngati akuyesa mpweya, nagwada pambali pa bambo ake. Anakoka mpweya. Sanakhosomole. Anayang'ana nkhope ya mayi ake pafupi, misozi n'kuyamba.

Nthunzi sinachedwe kutha, lubani ankakhalitsa kuposa pamenepo. A Okiura anakhudza kapu, napeza itazizira. Anafuna kudzuka.

"Khalani, bambo," anatero Chizuru, akutenga kapuyo. "Ndikawiritsa ine."