Kawailesi Komanga ndi Mphira

Mtchona anabwera ndi kabokosi koyera m'thumba la jekete, pafupi ndi mtima, ndipo ulendo wonse ankangokagwiragwira ngati kathawa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kunja si masewera. Anapeza msewu wa kwawo utafupika, pamene panali mtengo womwe ankakwera ali mwana patamera golosale, ndipo anthu amene kale ankamuitana ndi dzina tsopano ankangoti, "Abweratu a Mtchona aja." Zonsezi akanapirira. Chimene chinamulasa mtima chinali kawailesi.

Kanali kofiira, kapulasitiki, msinkhu wa sopo wochapira, komanga pakati ndi mphira kuti batire lisagwe. Nyimbo zake zinali m'kamemole kolowetsa cham'mbali. Bambo ake, telala wopuma amene maso anachita ng'ala, ankakhala pakhonde tsiku lonse atakakoleka m'khosi ndi chingwe cha nsapato. Anawagulira ndi mng'ono wake wa Mtchona, wokonza mafoni ndi mawailesi pamsika, amene aliyense ankamutcha Wamawaya.

"Mng'ono wakotu ndi dolo," anatero bambowo tsiku loyamba lomwelo, Mtchona asanavule n'komwe nsapato. Dzuwa lisanalowe anali atanena katatu.

M'mawa mwake Mtchona anatsegula kabokosi kake. Munali kachipangizo koimbira nyimbo, kopyapyala ngati bisiketi, kachitsulo kosalala, kutsogolo konse galasi lokhalokha. Asanagule anatha milungu itatu akuwerenga zimene akatswiri analemba, kuyerekeza aka ndi ako, mpaka atapeza kamene onse ankakagwadira. Anaikamo nyimbo zonse zimene bambo ake ankaimba pa kaseti akamapalasa makina osokera, masiku amene iye anali mwana yekha m'nyumbamo ndipo ntchito yolowetsa ulusi pa singano inali yake.

Bambowo anakapapasa uku ndi uku.

"Mabatani ali kuti?"

"Kalibe, bambo. Mumangosisita pagalasipa."

"Ine ndasoka zaka makumi anayi. Chinthu chopanda batani sindichikhulupirira."

Masana anatulukira Wamawaya, kasikuludiraiva atakapana kukhutu, malaya akununkha mtovu wowotcherera mawaya. Sanaodire n'komwe. Anawerama, n'kuchotsa kawailesi m'khosi mwa bambo ake ngati munthu wothyola chipatso mumtengo wake.

"Kadwalanso chiyani lero, mdala?"

"Kangokhala chete. Mwina kakuchita manyazi ndi alendo."

Onse awiri anaseka, kuseka kwa anthu amene nthabwala zawo zinayamba kalekale ndipo sizifuna wachitatu. Wamawaya anakatembenuza, kukauzira mpweya, kukagogoda pabondo, basi kanayamba kuimba. Mtchona anamuyang'anitsitsa mng'ono wakeyo. Mwana uyu anamusiya akulephera kumanga zingwe za nsapato, lero iye ndiye "dolo".

"Iwe, bambo azimvera zinthu ngati zimenezi?" anatero. "Phokoso lakelo ngati njuchi zili m'chitini."

"Achimwene, njuchizo ndi zomwe zawasunga mdalawa zaka zonsezi."

"Tiyeseni. Nyimbo imodzi, monse muwirimu. Aweruze okha."

"Bwerani nazo," anatero bambowo, akukonza mpando. "Woweruza wosaona sakondera."

Anayamba ndi maonekedwe. Wamawaya anakanyamula kachitsulo kaja ndi zala ziwiri, n'kuimba likhweru. "Pamenepa ndagonja. Kanga kakaima pafupi ndi kanuka kakuoneka ngati kantchito kake." Kenako anafunsa mtengo, ndipo Mtchona, amene ankadikira funsoli kuyambira pabwalo la ndege, anayankha mosasamala kuti ndalama zake ungagule nazo tofiirato makumi atatu.

"Eee! Ndiye kanu kakagwa pansi tikhala maliro. Kanga kakagwa timangosintha mphira."

"Kangaka sikawonongeka. Zaka khumi osafuna m'misiri."

Kawailesi kofiira kanaimba koyamba, mawu akunjenjemera, ng'oma ikumveka ngati wina akugogoda chidebe kuseri kwa nyumba. Kenako Mtchona anagwada, n'kuwaveka bambo ake mahedifoni. Kanali koyamba kukhudza mutu wa bambo ake chibwerereni, ndipo anadabwa kuti makutu awo anali ozizira, ofewa ngati nsalu yakale.

Nyimbo itayamba, bambowo anasiya kugwedeza phazi. Anatsegula pakamwa pang'ono. Itatha anavula mahedifoni aja pang'onopang'ono.

"Ndamva zala za woimba gitala zikutsetsereka pa waya," anatero. "Ndipo kumbuyoko kuli mayi wina akuimba motsitsa. Zaka zonsezi ndimayesa ndi awiri, kani ndi atatu. Ayi, wamng'ono, usanditukwane. Mkulu wako wapambana. Kutalitali."

Wamawaya anakweza manja. Mtchona anayang'ana kumsewu kuti asaoneke akumwetulira. Mtima unali utakhala pansi kwa nthawi yoyamba chitsikireni ndege.

"Tanditengera sutikesi ili kunsi kwa bedi," anatero bambowo.

Mtchona anakaikoka, n'kuitsegula pakhondepo. Munali wotchi imene anatumiza chaka chachitatu, ikadali m'kabokosi kake. Nsapato zachikopa, mapepala akadali m'kati. Magalasi, chipewa, lumo loyendera magetsi, malaya amene telala aliyense akanawasirira, mapini a kufakitale osachotsa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zinali zitapindidwa bwinobwino, zikununkha mankhwala a njenjete.

Bambowo anatenga kansalu kotsala, n'kukulunga kachitsulo kaja ndi mahedifoni ake mwaluso la telala, ngodya ndi ngodya, n'kukaika pakati pa wotchi ndi chipewa.

"Zabwino sitiseweretsa," anatero. Ndipo anapapasa pamiyendo, kupeza chingwe cha nsapato, n'kukolekanso kofiira kaja m'khosi.

Masiku otsatira Mtchona ankakhala pakhonde ndi buku limene sankaliwerenga. Ankamvera njuchi zija. Ankaona wogulitsa makala akuima kuti atsirize nyimbo, mayi wa nyumba yoyandikana akukuwa pampanda kuti, "Abambo, bwerezani imeneyo!" Ankadziuza kuti anthu a kuno makutu awo anafa kalekale, kuti anazolowera zinthu zomanga ndi mphira mpaka anaiwala kuti kuli zinthu zosafuna kumanga. Koma ikakwana nthawi ya masana, maso ake nawonso ankapita kugeti.

Tsiku lachinayi, cha m'ma leveni, anaona chinthu. Bambo ake anatchera khutu kumsewu, kenako chikhadabo cha chala chachikulu chinakwawira m'mbali mwa kawailesi, n'kukankha kamemole kuti katuluke pang'ono chabe, mulingo wa msoko umodzi. Nyimbo inaduka pakati pa mawu.

"Aaa, kafanso," anadandaula. "Tamuimbira mng'ono wako."

"Ndakuonani, bambo."

"Waona chiyani? Ine sindinaone kanthu."

"Mwatulutsa kamemole ndi chikhadabo. Bweretsani ndingokankhira m'kati. Si ntchito yoitanira munthu kuchokera kumsika."

Anatambasula dzanja, koma bambowo anaphimba kawailesiko ndi zikhatho zonse ziwiri, monga nkhuku ichitira ndi mwanapiye ikaona mthunzi wa kabawi.

"Kasiye. Kali ndi dokotala wake."

"Nanga ine? Ndayenda ulendo wonsewu. Mwanena nokha kuti kanga kapambana."

"Kapambanadi. Sindinanamepo." Bambowo analankhula modekha, nkhope atalozetsa pamene ankaganiza kuti mwana wawo ali, koma anaphonya pang'ono, moti ankalankhula ndi chipilala cha khonde. "Unanena wekha kuti kako kamatha zaka khumi osafuna munthu. Unasankha bwino, mwana wanga. Unagula kofanana nawe."

Mtchona anafuna kuyankha. Mawu anali nawo ambiri, a m'mabuku, a m'zinenero zitatu. Anafuna kufunsa ngati pa zaka zonse zija panali tsiku limodzi lokha limene bambowa anawonongapo kanthu dala kuti iye abwere. Koma anakumbukira makalata awo, onse otha ndi mawu amodzimodzi: kuno tili bwino, usadandaule. Ndipo iye sanadandauledi.

Anatulutsa foni. Inaitana kawiri.

"Achimwene, zikuyenda?"

"Kawailesi kako kafanso."

"Kayambanso? Taonani cham'mbalimo, mwina ndi kamemole. Mungokankhira m'kati ndi chala, ine ndili ndi makasitomala."

Mtchona anayang'ana zikhatho zija, zikadali zophimba, ndi khutu lija, likadali kumsewu. Nsanje inamukwera mpaka m'mano.

"Ndayesa," anatero. "Kakukana. Kakufuna iweyo."