Wonga wa Tomasini

Chimene chinadanitsa Ofelia Brizuela ndi Rubén Tomasini chinali mamita makumi anayi basi. Gulu lawo la ku Río Cuarto linapangana kuti owombera onse anayi azithira wonga wofanana, kuti chipolopolo chizithamanga mamita 830 pa sekondi. Tomasini ankafuna 870. Mkuluyu ankagulitsa mathirakitala, ndipo kwa iye chilichonse chothamanga chinali chabwino, kaya ndi galimoto, kaya ndi pakamwa.

Ofelia sankawomba. Ntchito yake inali kuwerenga mphepo. Ankakhala pakampando kumbuyo kwa owomberawo, iwo atagona chafufumimba pamphasa, diso lili pagalasi loonera patali, kope lili pabondo, n'kumauza aliyense kuti apotokole kangati kachitsulo ka pamfuti kuti chipolopolo chikagwe pakati pa chandamale, mamita 900 uko. Onse akakhala pa liwiro limodzi, zimene waona pa woyamba zimagwiranso pa wachinayi. Mmodzi akasiyana zonse zimasokonekera, ndipo wooneka chitsiru amakhala wa pampandoyo.

Mpando umenewu anaukhala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, koma chaka chino gulu linali litaluza katatu. Mtsogoleri wawo, a Aníbal Quiroga, anamuuza poyera kuti akaluzanso lero, ku mpikisano wa dziko lonse apita ndi munthu wina.

M'mawa umenewo Tomasini ndi amene ankayendetsa chikho cha tiyi wowawa. Anapatsa uyu, anapatsa uyo, atafika pa Ofelia anangomudumpha.

"Pepani agogo, ndimayesa mwagona," anatero. "Mbendera yoonetsa mphepo ija mukuiona koma? Kapena ndikusendezereni pafupi?"

"Mbendera ndikuiona. Ndikuonanso mimba ija, sindikudziwa kuti ugona bwanji pamphasa."

"Ine ndikagona ndimadzuka ndi mapointi. Inu zipolopolo zanu zoyenda ngati zikupita ku maliro zija, mphepo imazinyamula ngati nthenga."

"Zokwanira!" a Quiroga anakalipa. "Tinapangana 830. Nkhani inatha."

Mphepo inali yochokera kumanzere, yamphamvu, yonyamula fumbi la m'minda ya soya. Atatu oyamba anawomba bwino ndithu, moti mtima wa Ofelia unayamba kukhala m'malo. Tomasini anali womaliza, dzuwa litafika kale pamutu.

"Kasanu kumanzere," Ofelia anatero. "Womba."

Chipolopolo chinagwa kumanzere kwa pakati. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu chinatulukiratu m'bwalo la mapointi khumi.

"Mwaona, a Quiroga?" Tomasini anakuwa osadzutsa mutu. "Ndimanena ine. Mayiwa akungolota apa!"

Ofelia anachita mantha, mantha enieni. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. Mwina zoona maso atha. Anayang'ananso mbendera, anayang'ana udzu, anayang'ana mpweya wotentha ukuyenda chamunsi mwa chandamale. Zonse zinkanena zimene iye ananena.

Kenako anamva phaa! Tomasini ankamenya ndi chikhatho mpini wotsegulira mfuti, umene umayenera kutseguka ndi zala ziwiri. Chigoba cha mkuwa cha chipolopolo chinagubuduka mpaka pa nsapato ya Ofelia. Anachitola chikadatentha. Kumatako kwake kunali kophwatalala, ndiponso kunali kachipsera konyezimira. Aliyense amene anathirapo wonga m'chigoba amadziwa tanthauzo lake: wonga wachuluka.

Galu ameneyu anathira 870 yake ija mwakabisira. Chipolopolo chothamanga chotero mphepo siichikankha kwambiri, n'chifukwa chake chinkagwa mbali imene mphepo ikuchokera.

Magazi anamuwira Ofelia. Akanatha kuimirira pompo n'kuponya chigobacho pamaso pa a Quiroga. Koma wotchi inkayenda, ndipo mkangano ukanadya mphindi zimene zinatsala. Akanathanso kumusiya munthuyo kuti awombe thengo. Koma mapointi otayikawo akanakhala a gulu, ndipo mpando wotayika ukanakhala wake. Analuma mano, nalemba manambala pakona ya tsamba, nachotsapo pang'ono pa zimene ankauza anzake aja.

"Bweza kawiri kumanja. Dikira. Dikira, iwe! Tsopano womba."

Pakati penipeni.

"Kamodzi kumanzere. Womba."

Pakati. Zipolopolo zonse khumi ndi ziwiri zotsatira zitatu zoyamba zija zinalowa m'bwalo la khumi motsatizana, Ofelia akuchita masamu awiri pa chilichonse, thukuta likumulowa m'maso. Sanawerengepo mphepo bwino chotero moyo wake wonse, ndipo zinamuwawa kuti ankachitira munthu ameneyu. Gulu lawo linagonjetsa gulu la ku Rosario ndi mapointi awiri.

Nyama ili pamoto, vinyo atatsegulidwa, Ofelia anatulutsa chigoba chija m'thumba kuti ayankhule. Tomasini anamutsogolera. Anakwera pabenchi n'kugogoda botolo ndi mpeni.

"Anyamata, ndiulule tchimo langa. Lero ndawombera 870!"

Mmodzi anaseka, onse n'kuseka.

"Khumi ndi ziwiri pakati, m'mphepo imene ija! Zitatu zoyambazo ndi za agogowa, asanadzuke. Liwiro likakhalapo, mphepo ilibe mawu."

"Wabodza iwe!" Ofelia anaimirira. "Zitatuzo ndi zako. Khumi ndi ziwirizo ndi zanga. Ndinatola ichi, ndinadziwa kuti waba, ndiye ndinasintha manambala. Taonani chigobachi, a Quiroga. Mfuti imene ija tsiku lina idzamuphulikira kumaso."

Tomasini anati, "Mwadziwa liti, mayi? Panopa nditanena?"

Onse anasekanso. A Quiroga anatembenuza chigobacho ndi chala, osachiyang'anitsitsa n'komwe. Maso awo anali pa chikho cha mpikisano chimene chinali patebulo.

"Ofelia, ngati unadziwa, bwanji sunanene pomwe paja?"

"Kuti tiluze?"

"Koma tapambana. Ndipo tapambana ndi liwiro limene iwe wakhala ukulikana chaka chonse." Anakanda ndevu. "Tonse tikwera pa 870. Munthu amene sakhulupirira zimenezi sangatiwerengere mphepo. Pampando ndikhala ndekha. Undisiyire kope la gulu."

Ofelia anawayang'ana mmodzimmodzi, amuna amene anawawerengera mphepo zaka zonsezi. Aliyense anali atapeza chochita ndi nyama ya m'mbale yake.

Anatsegula kopelo pa tsamba la lero. Pakona panali timanambala take tija, tosonyeza zoyenera kuchotsa pa mphepo iliyonse chipolopolo chikathamanga 870. Umboni wake unali umenewo, ndipo ndi zokhazo zimene a Quiroga akanazifuna ku mpikisano wa dziko lonse. Anang'amba tsambalo pang'onopang'ono onse akuona, nalikwinya, naliponya pamakala pansi pa nyama.

"Nali kope lanu," anatero, akuliika patebulo. "Paja mphepo ilibe mawu. Mukaifunse nokha."